Ndodo Imene Mabel Anatola

Jethro atafa, ndinamuuza mwamuna wanga Hedley kuti basi, galu wina m'nyumba muno ayi. Ndinanena ndili chiimire pakhomo la kukhitchini, manja ali m'chiuno, kuti amve bwinobwino. Agalu asanu tinali titawaika kale pansi pa mtengo wa maapozi kuseri kwa nyumba, onse afulatikoti, aja akuda bii a ubweya wosalala amene amatola nkhwali ndi abakha alenje akawombera. Agalu amenewa ali ndi matenda awo akumtundu, khansa, ndipo imawatenga akadali ndi mphamvu zawo zonse, akusewerabe ngati ana. Mtima wanga unali utatopa ndi maliro a agalu. Msana nawonso unali utatopa ndi kukolopa matope.

Hedley anavomera. Anavomera msanga kwambiri moti ndinadziwiratu kuti palibe chimene wamva.

Sipanapite nthawi, ndinayamba kumupeza ali ndi foni m'manja, magalasi ali pansonga ya mphuno, akumwetulira yekhayekha. Ndikangolowa, foni ija m'thumba. Munthu wodutsa zaka makumi asanu ndi awiri, wa chitsulo m'chiuno, woyendera ndodo! Akanakhala kuti wapeza mkazi wina, ndikanadziwa chochita. Koma zinali zithunzi za ana agalu.

"Ndikungoona, Noreen," ankatero. "Kuona sikugula."

"Unateronso tsiku lija tinakangoona Jethro. Pobwerera anali pamiyendo panga akunditafunira chikwama."

Kunena zoona, ndinkamumvetsa. Kuyambira ali mnyamata, nyengo yozizira iliyonse Hedley ankaima kumbuyo kwa alenje m'chigwa chathu chino cha ku Northumberland, galu ali pambali, kudikira kuti mbalame igwe amutume. Munthu wopanda galu saitanidwa ku ntchito imeneyi. Tsopano Loweruka likafika ankangoima pawindo n'kumamvetsera mfuti zikulira kutsidya, tiyi n'kumuzizirira m'manja. Ndinaona mwamuna wanga akuchepa ine ndikuyang'ana, ndipo zinandiwawa. Tsiku lina ndinangoponya kansalu kopukutira mbale patebulo.

"Chabwino, funa galu wakoyo. Koma walira mvula walira matope. Kukolopa n'kwako, kudzuka m'mamawa n'kwako. Ine galuyo sindikumudziwa."

Anadzuka kuti andipsompsone patsaya, koma chifukwa cha phuma anandipsompsona pakhutu.

Wogulitsa agalu woyamba amene anamupeza pafoni paja anali bambo wina wolankhula mokoma. Anati tisavutike kupita kwawo, tikumane pamalo omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu waukulu. Titafika anatsekula buti ya galimoto, ndipo m'katoni munali tiana titatu, tonunkha, tikunjenjemera. Hedley manja anali atatambasula kale.

"Mayi wa anawa ali kuti?" ndinafunsa.

"Akupuma kunyumba, madamu."

"Kunyumbako n'kuti? Tiyeni tikamuone."

"Aa, n'kutali, komanso msewu wake siwabwino."

"Maso ndi chiuno cha mayiyo munakayezetsa kwa dokotala wa ziweto?"

"Madamu, galu ndi galu. Mutenga kapena ayi? Pali ena akudikira."

Ndinamukoka Hedley ndi jekete mpaka kugalimoto, n'kuimbira aja oteteza ziweto ndisanalize n'komwe injini. Ukagula kwa munthu wotere chifukwa cha chisoni, wamupatsa mphamvu zoti akabereketsenso mayi uja ali m'khola lamdima. Hedley amadziwa zimenezi kuposa ine. Komabe njira yonse yobwerera ankangoyang'ana pawindo.

Panatsala njira imodzi yokha, ndipo tonse tinkaiopa. Aliyense wa agalu kuno amawadziwa Mayi Isobel Thirlwell a kumtunda kwa chigwa. Amabereketsa galu mwa apo ndi apo, akaona kuti n'koyenera, ndipo kupeza mwana kwa iwo n'kovuta kuposa kufunsira mwana wa mfumu. Anabwezapo dokotala wina chifukwa amaweruka mochedwa. Anabwezapo abusa a tchalitchi china chifukwa anafunsa ngati galuyo amathothoka ubweya. Ndipo Gavin wa kubutchala, potikulungira soseji, anatiwonjezera mantha.

"Kumeneko musataye mafuta, achikulire," anatero. "Nkhalamba sazipatsa. Akangoona imvi ndi ndodo, amakupatsa tiyi n'kukuperekeza kugeti."

Hedley anaimbabe foni, ataima njo ngati mayiwo akumuona. Mayiwo anamuuza kuti galu wawo Mabel ali ndi ana, tibwere Lamlungu masana, koma sakulonjeza kanthu.

Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munalowa misala. Hedley anayamba kuyeserera kudzuka pampando osabuula. Ankakhala, n'kudzuka, n'kundifunsa ngati ndamva phokoso lililonse. Ndinkamuuza kuti pakamwa pali chete koma mawondo akuimba kwaya. Ankayenda kuchokera kukhitchini kukafika kuchipinda opanda ndodo, atagwira khoma ndi chala chimodzi, akuimba likhweru kuti azioneka womasuka. Lamlungu m'mawa anadzitsekera kubafa nthawi yaitali, ndipo atatuluka ndinaponya sipuni pansi.

Mutu wonse unali wakuda bii, ukunyezimira ngati nsapato ya msilikali. Nsidze nazo anali atazidaya.

"Hedley Purvis! Wadzichita chiyani?"

"Ndangochotsako zaka pang'ono."

"Wachotsa nzeru. Unawerenga malangizo ake koma?"

"Akuti upake, udikire, kenako utsuke. Ine ndaona kuti kutsukako n'kuwononga mankhwala."

"Ndiye sunatsuke?"

"Ndapukuta m'mbalimu. Nanga bwanji, sindikuoneka ngati mnyamata uja unakwatiwa naye?"

"Mnyamata uja anali ndi tsitsi lofiira, chitsiru iwe."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi pamasitepe, misozi ili mbwee. Iye anangokonza kolala, n'kunena kuti nsanje ndi matenda oipa kwa mkazi wachikulire.

Msewu wokwera kwa Mayi Thirlwell unali utakokoloka ndi mvula, ndiye galimoto tinaisiya kumunsi n'kukwera wapansi. Apa ndodo inagwira ntchito yake. Koma denga la nyumba litangoonekera, Hedley anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kuiponya kuseri kwa mpanda wamiyala, muudzu wautali.

"Tidzaitenga pobwerera," ananong'ona.

Ine ndinavomera ndi mutu, ndipo ndinamuthandizanso kuona ngati yabisika bwino. Tonse awiri, anthu amene takhala ndi agalu otola moyo wathu wonse, sitinaganize kawiri.

Tisanagogode n'komwe, chitseko chinatseguka ndipo tinakwiririka. Agalu anayi akuluakulu anatuluka pakamodzi, michira ikumenya zitseko, miphika ya maluwa ndi miyendo yathu. Fulatikoti sapatsa mlendo moni ali chimanjamanja, ndiye aliyense anali atanyamula kanthu. Wina gambuti, wina mbatata, wina pilo wa pampando. Wotsiriza, wamkazi wa mawere otuluka, anayenda mwaulemu mpaka kwa Hedley, anakhala pansi, n'kukweza mutu. Hedley anatchera manja onse awiri pansi pa chibwano chake, ndipo galuyo anamuikira dzira la nkhuku, lofunda, lopanda ndi mng'alu womwe.

"Zikomo, mama," anatero Hedley. "Wachita bwino."

Kwa ife lamulo ndi limodzi, ndipo mwana wa m'chigwa muno amalidziwa asanayambe sukulu. Chimene galu wakubweretsera umalandira, n'kuthokoza. Kaya ndi khoswe wakufa, kaya ndi kabudula wamkati wa mlendo wako, umalandira. Ukamukana kapena kumukalipira, mawa adzakayikira kubweretsa nkhwali, ndipo wamuwononga ndiwe.

"Ameneyo ndiye Mabel," anatero mawu ena pakhomo. "Mazira amaba, koma saswa."

Mayi Thirlwell anali aafupi, a juzi yobooka pazigongono, ndi wenzulo m'khosi. Anamuyang'ana Hedley kumutu kanthawi ndithu, osaphethira. Kenako anati tilowe, ketulo yawira.

M'khitchini anatipatsa tiyi ndi masikono, n'kuyamba mlandu. Mpanda wathu ndi wautali bwanji? Galu azidzagona pati? Tizidzamusiya yekha nthawi yaitali bwanji? Jethro anafa ndi chiyani, ndipo tinazindikira bwanji? Hedley anakhala mowongoka kumapeto kwa mpando, akuyankha mokweza ngati mwana wa sukulu. Mabel anali atakwera kale ndi miyendo yakutsogolo pamiyendo pake, akumunyambita manja, khosi ndi makutu. Ndinaona lilime la galuyo likuyamba kuda, ndinayang'ana kudenga.

Mayiwo nawo sanabise kanthu. Anatiuza zimene dokotala wa ziweto anapeza atayeza maso ndi chiuno cha Mabel ndi cha bambo wa anawo. Anatchula achibale a Mabel amene khansa inawatenga, mmodzimmodzi, ndi zaka zimene anafika, ndiponso agogo ake amene anakalamba mpaka kumera imvi pakamwa.

"Sindingakulonjezeni kuti wanuyo adzakalamba," anatero. "Amene angakulonjezeni zimenezo ndi wabodza. Ndipo mumve izi. Mwana ndimasankha ndine, osati inu. Mukadzalephera kumusunga, kaya papita zaka zingati, amabwerera kuno. Sagulitsidwa, sapatsidwa kwa msuweni."

Za zaka zathu sanafunse. Koma Hedley, poona kuti funso limene analikonzekera silikubwera, anadziyankhira yekha.

"Ine ndimathamanga m'mawa uliwonse, mayi."

Sikono inanditsamwa. Mayi Thirlwell anandimenya kumsana, n'kundipatsa madzi.

"N'zosangalatsa zimenezo, Bambo Purvis," anatero. "Ndiye kaphiri kangaka sikakuvutani. Ana simuwaona kaye, chifukwa munthu akaona ana agalu nzeru zimachoka. Ine ndimafuna ndione munthu akuyenda ndi agalu anga. Tiyeni."

Kaphiri kamene ankanenako kanali munda wa nkhosa woimirira ngati khoma. Agalu anathamanga patsogolo, kulowa m'ngalande iliyonse ya matope imene anaipeza, n'kubwerera kudzadzikutumulira pa ife. Hedley anandigwira mkono. Zaka zonse za ukwati wathu sanandigwirepo mkono pagulu, amati n'za m'mafilimu.

"Taonani chikondi," anatero Mayi Thirlwell.

"Ndi mmene tilili ife," anayankha Hedley akupuma mwawefuwefu, thupi lake lonse lili pa ine.

"Ukundithyola phewa," ndinamunong'oneza.

"Mwetulira, mkazi iwe, akuyang'ana."

Tili pakati pa munda, mvula inayamba kuwaza. Sinali yambiri, koma inakwanira. Kamzere kakuda kanatsika pamphumi pa Hedley, kanadutsa pambali pa mphuno, n'kukaima pachibwano. Kachiwiri kanatsatira. Nsidze zinayamba kulowa m'maso. Iye anadzipukuta ndi dzanja poganiza kuti ndi thukuta, ndipo nkhope yonse inakhala ngati ya munthu wotuluka m'chumuni. Ndinaluma milomo mpaka kumva kuwawa. Mayi Thirlwell ankafotokoza za chakudya cha ana agalu, nkhope ili phee, koma mapewa awo ankagwedera.

"Mabel ali kuti?" anafunsa mwadzidzidzi.

Agalu anali atatu. Mayiwo analiza wenzulo, ndipo patapita kanthawi tinaona chinthu chakuda chikudumpha mpanda wamiyala kumunsi kuja, pafupi ndi msewu. Chinkabwera chothamanga, mutu uli m'mwamba, chitanyamula chinthu chachitali chopingasa pakamwa. Mtima wanga unagwera m'gambuti. Galu amene wakhala akunyambita manja a munthu nthawi yonse ya tiyi sangasowe fungo la manja omwewo pa ndodo.

Mabel anawadutsa Mayi Thirlwell. Anandidutsa ine, ndodo ija n'kundikwapula kuseri kwa mawondo. Anafika kwa Hedley, anakhala pansi mwaulemu, n'kukweza mutu. Mchira unkasesa udzu uku ndi uku, maso ali mwee ndi chimwemwe, chifukwa anali atapeza chinthu chotayika ndipo mwini wake ankamudziwa.

"Ha, taonani," anatero Mayi Thirlwell mofatsa. "Ndodo. Kaya ndi ya yani?"

"Mwina ya m'busa wa nkhosa," ndinatero. Ndinanama osaphethira, ine woimba kwaya kutchalitchi.

"M'busa wa nkhosa kuno ndine."

Hedley anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Manja anawapinda kumbuyo. Ndinkadziwa zimene zinali m'mutu mwake, chifukwa zinalinso m'mutu mwanga: akangoilandira, tiyi tamwa kale, chatsala ndi geti. Mabel anadikira. Anasendera pafupi, n'kumugunda pabondo ndi ndodoyo pang'ono. Hedley sanayang'ane pansi. Mchira uja unayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako unaima. Makutu anagwa. Galuyo anayang'ana kwa Mayi Thirlwell, n'kuyang'ananso kwa Hedley, osamvetsa chimene walakwa, koma ndodo sanailavule.

Apa kuseka kunandithera. Galu woteroyo sindingathe kumuyang'ana.

"Aa, ayi, mama, usatero," anatero Hedley.

Anandisiya mkono. Anawerama, mawondo akulira kuti aliyense amve, anabuula kubuula konse kumene anakusunga sabata yathunthu, n'kutchera manja onse awiri pansi pa chibwano cha Mabel.

"Ndi yanga. Wachita bwino, mtsikana iwe. Zikomo kwambiri."

Mabel anapenga. Anadumpha, anazungulira, anagwetsa mnzake, n'kubwerera kudzamunyambita Hedley kumaso asanawongoke, mpaka mbali imodzi ya mutu inabwerera kuimvi. Hedley anatsamira ndodo yake n'kupuma mpweya wautali. Mayi Thirlwell anangotembenuka n'kuyamba kutsika. Tinawatsatira, ine chisoni chitandigwira, chifukwa ndinkaona kuti zonse zathera pomwepo.

M'khitchini anamuponyera Hedley thaulo lakale la agalu.

"Limenelo mutenge, silidzayeranso," anatero. "Bambo Purvis, zaka zanu ndinazidziwa musanabwere. Ndinaimbira dokotala wanu wa ziweto, ndinaimbiranso anzanu amene mumatola nawo mbalame. Za chitsulo cha m'chiuno ndikuzidziwanso. Ine sindilowetsa munthu pakhomo pano ndisanamufufuze."

"Ndiye munangotisiya tizivutika?" ndinafunsa.

"Ndimafuna ndione kuti tsitsilo lifika pati."

"Komatu Gavin wa kubutchala anati nkhalamba simuzipatsa," anatero Hedley, mawu akutulukira m'thaulo.

"Gavin ndinamukaniza chifukwa mpanda wake ndi wogumuka. Za imvizo anapeka kuti asachite manyazi. Ndodo sindidana nayo. Mukanamusiya Mabel ali chikhalire paja, bwenzi pano muli panjira." Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye. "Koma funso lilipo, ndipo ndimafunsa aliyense wa msinkhu wathu. Agalu awa sakhwima nzeru msanga, mukuwadziwa. Pamene ameneyu azidzafuna phiri tsiku ndi tsiku, inu mwina mudzakhala muli pampando, kapena mulibe n'komwe. Mwaganizapo?"

Hedley anachotsa thaulo kumaso. Mutu unali wamawangamawanga, khutu limodzi lakuda, lina loyera. Ndinkayembekeza kuti ayambanso zothamanga m'mawa zija, ndipo ndinali nditakonzeka kumuponda phazi.

"Ndaganizapo, mayi," anatero. "Usana ndi usiku ndimaganiza zomwezo. Ndakumba manda asanu kuseri kwa nyumba yathu. Ndikufuna mmodzi yekha amene sindidzamukumbira." Anayang'ana thaulo lija m'manja mwake, osandiyang'ana ine. "Noreen ndi wamng'ono kwa ine, ndipo kwawo amakhalitsa. Amanena kuti watopa ndi agalu. Koma akachokera kogula zinthu amaima kaye pakhomo, kiyi ali m'manja, kumvetsera ngati kuli wina akubwera kudzamulandira. Amaganiza kuti sindimuona. Pakali pano amapeza ine, ngakhale ndilibe mchira. Tsiku lina sadzandipeza. Ndikufuna ndimuphunzitse galuyu miyendo ikadandilola, kuti mkaziyu adzatsale ndi galu wodziwa mwambo, osati nyumba ya zii."

 Ine ndinkaganiza kuti ndikumuperekeza mwamuna wanga kukagula chidole chake cha ukalamba, ndipo ndinkadziona ngati mkazi wachifundo kwambiri. Manyazi anandigwira, mkwiyo unandigwira, ndipo ndinkafuna kumumenya ndi ndodo yomweyo n'kumukumbatira nthawi imodzi.

Mayi Thirlwell anatembenukira kwa ine.

"Ndiye ndakhala ndikufunsa munthu wolakwika. Mayi Purvis, galuyu mukumufuna?"

"Ndikumufuna," ndinatero, mphuno ikutuluka madzi. "Koma chitsiru ichi ndikuchifunanso."

"Galu ndingakupatseni. Enawo mudzisamalire nokha. Tiyeni mukaone ana."

Anatitengera kuchipinda cha kuseri kwa khitchini, kofunda, konunkhira mkaka ndi nyuzipepala zonyowa. Zimene ananena zija zinali zoona, nzeru zinachoka. M'bokosi lalikulu munali tiana tonenepa, takuda bii, kalikonse ndi kachingwe ka mtundu wake m'khosi. Hedley anagwada osaganiza n'komwe kuti adzadzuka bwanji. Ine ndinakhala pansi penipeni ndi siketi yanga ya kutchalitchi, ndikulankhula mawu amene sindingawabwereze pagulu. Tiana tinatikwera, tinatiluma zala, kena kanagona m'chipewa cha Hedley.

Maso anga anagwera pa kamtsikana ka chingwe chachikasu, kofatsa, kamene kanakhala pakona kakutiyang'ana mwanzeru.

"Hedley, taona aka. Kaulemu bwanji!"

"Ameneyo ndi wa banja lina la ana aang'ono," anatero Mayi Thirlwell. "Ndinati ndimasankha ndine."

Anaima manja ali m'thumba, akuyang'ana ife, akuyang'ana tiana. Kenako anafunsa kuti wa chingwe chofiira ali kuti. M'bokosi munalibe. Tinamupeza kuseri kwa chitseko, atagubuduza mbale ya madzi, atalowamo ndi miyendo yonse, akukoka nsalu yokolopera imene inali yaikulu kuposa iye, uku akuibangulira. Mayiwo anamunyamula akudontha, nsalu ikadali pakamwa, n'kumuika pamiyendo panga. Nthawi yomweyo anasiya nsalu n'kugwira batani la bulauzi yanga.

"Wanu ndi uyu, Mayi Purvis. Mudzamutenga akasiya kuyamwa."

"Ameneyu?" ndinatero. "Mayi, mwatiyang'ana bwino ife? Ameneyu atigwetsera nyumba."

"Agwetsadi. Pa agalu onse amene ndabereketsa, wosamva ngati uyu sindinamuonepo. Anali woyamba kutuluka m'bokosi, woyamba kuba, ndipo ukamuitana amayang'ana kumbali. Mphuno ali nayo, mtima ali nawo, koma mutu ndi mwala."

Hedley anasendera chogwada, anatambasula chala, ndipo kagaluko kanachiluma n'kukana kuchisiya. Nkhope yake yamawanga ija inawala. Anaseka kuseka kumene sindinakumve chifere Jethro, n'kufunsa kuti galu wotere angatenge nthawi yaitali bwanji kuti adziwe mwambo.

"Ameneyu? Zaka ndi zaka, Bambo Purvis," anatero Mayi Thirlwell, akumuthandiza kudzuka. "Ndipo galu wanga sasiyidwa maphunziro ali pakati. Musafulumire kupita kulikonse."